Ulusi wofiira wa a Chimbalanga

Tsiku la mapemphero a maliro awo a Chimbalanga, muholo ina ya ku Berea ku Joni kuno, abusa anafunsa ngati pali wina wofuna kunenapo mawu. Ine ndinadzuka pang'ono, kenako ndinakhalanso pansi ngati ndikukonza mwana kumbuyo. Pakamwa panga sipatseguka pagulu. Mwezi uno chatha chaka chinyamukireni thupi lawo kupita kwawo ku Dedza, ndiye ndati zimene ndinalephera kunena tsiku lija ndizilembe.

A Chimbalanga anali aafupi, a mapewa aakulu, ndipo ankayamba atsokomola asanayankhule. Tebulo lawo linali pansi pa masitepe m'nyumba yathu yakale ya ku Jeppestown, momwe muli matelala, wosoka nsapato, ndi shopu yosindikiza mapepala ya Madamu Getrude. Ine ndimasesa ndi kudula mapepala m'shopumo, ndipo ndimagona ndi mwana wanga Tadala m'kachipinda ka kuseri. A Chimbalanga ankakonza makompyuta. Sukulu yake sanapiteko. Anabwera ku Joni ali mnyamata, nthawi ya migodi, ndipo ntchito yawo pansipo inali yoyenda ndi woyeza mpweya, kuona ngati mphepo ikufika kumapeto kumene anthu akukumba. Atasiya mgodi anaphunzira mawailesi, kenako ma TV, kenako izi.

M'thumba la malaya awo simunkasowa kamtengo ka machesi komangirira ulusi wofiira. Ulusiwo ankachita kupempha kwa matelala omwe ankakangana nawo tsiku ndi tsiku chifukwa cha fumbi la nsalu. Munthu akabweretsa kompyuta, iwo sankathamangira sikuludiraiva. Ankaiyatsa, n'kumayendetsa kamtengo kaja kutsogolo, kumbuyo, pamwamba, maso ali pa ulusi. Ankanena kuti mpweya ndi waulesi, umakonda njira yachidule, ndipo ukaupatsa khomo lolowera osaupatsa lotulukira umangokhala pansi n'kuwola. Ankanenanso kuti munthu wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa choti achithokoze chinthu chikachira.

Sanali munthu wofewa. Mlonda wa nyumbayo anawatukwana sabata yathunthu chifukwa anamutulutsira mbaula yake panja, ati sangayatse makala m'chipinda chotseka iwo ali moyo. Zenera laling'ono la pansi pa masitepe ankalitchinga ndi njerwa kuti lisatsekeke, ngakhale mu Juni, ndipo matelala akadandaula kuzizira ankawauza kuti asoke majekete, si ndiwo amisiri. Ndi Madamu sankamwerana madzi. Anawauzapo kuti kabowo ka pansi pa kauntala kamene ankasungamo kompyuta ndi manda, Madamu n'kuwayankha kuti madala osapita kusukulu asamaphunzitse anthu bizinesi. Koma ndi iwo okha m'nyumba monse amene ankanditchula kuti mayi a Tadala. Ena onse ankangoti iwe Esinati.

Nkhani imene ndikufuna kunena inachitika Lachisanu lina mu Juni, Tadala ali ndi miyezi isanu ndi iwiri.

Kachipinda kanga sikalowa dzuwa, ndipo Madamu analetsa hita chifukwa inkagwetsa magetsi. Zovala za mwana ndikachapa zinkatha masiku awiri zili zonyowa. M'mawa wina ndikusesa pansi pa kauntala, dzanja langa linakhudza pamwamba pa kompyuta. Kanali kabokosi kakuda, kakang'ono, kokhala ndi timabowo pamwamba, ndipo m'timabowomo munkatuluka mpweya wotentha ngati mkamwa mwa munthu. Ndinayamba ndi sokosi imodzi. Inauma Madamu asanafike. Mawa lake ndinaika malaya, kenako juzi ya ubweya ya pinki, imene inali yokhayo yofunda. Poti malowo anali obisika, masiku ena ndinkazisiya pomwepo tsiku lonse. Ndinachita zimenezi masabata atatu.

M'masabata omwewo kompyuta inayamba kudzizimitsa yokha. Poyamba kamodzi patsiku, kenako nthawi iliyonse Madamu akatsegula ntchito ya zithunzi. Isanazime inkalira ngati takisi ikukwera chitunda. Ine ndinasiya kuikapo zovala Lachitatu, koma siinasinthe.

Lachisanu limenelo panali ntchito ya makadi a ukwati, mwini wake abwera folo koloko. Pofika masana inali itazima katatu. Madamu anaitana mlamu wawo, a Yamikani, amene ali ndi dipuloma ya makompyuta ndipo amagwira ntchito muofesi ku Sandton. Iwowa ndi amene mwezi wapitawo anaikamo fani yatsopano kumbuyo, yakale itayamba phokoso. Anafika ndi tayi yawo, anakoka bokosi, anachotsa chitseko cha m'mbali, n'kulozetsamo fani yaikulu ya patebulo. Inagwira mphindi khumi, n'kuzimanso.

"Alamu, purosesa yapsa iyi," anatero a Yamikani. "Pali wina waigwira. Mwina madzi okolopera." Sananditchule dzina, anangondiyang'ana.

Madamu anatembenuka. "Esinati, ndikapeza kuti ndiwe, lero lomwe utenge mwana wako ndi chikwama chako. Wandimva?"

Ndinangogwedeza mutu. Ku Joni ndinalibe khomo lina loti ndingagogodepo. Tadala anali kumbuyo kwanga, atavala juzi ya pinki yomweyo.

Madamu anaima kanthawi akuyang'ana wotchi, kenako anakuwa cha kumasitepe. "Madala! Tabwerani mudzaone manda anu aja."

A Chimbalanga anabwera mosafulumira. Choyamba anazimitsa fani ya patebulo, n'kubwezera chitseko cha m'mbali.

"Madala, mukutseka? Chinthu chikutentha inu mukuchifunditsa?" anatero a Yamikani akuseka.

"Vala, mwanawe," anayankha m'chiyankhulo cha kumgodi, kutanthauza kuti tseka. "Kumgodi munthu wosiya chitseko cha mphepo chotsegula ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Mphepo imathawira pachitsekopo, anzako kumapeto n'kumakomoka. Ndikufuna ndione mmene chimapumira masiku onse, osati mmene mwachivulira inu."

Anayatsa. Pasikirini anatsegula malo oonetsa kutentha kwa purosesa, kachitsulo kamene kamagwira ntchito yonse yoganiza m'bokosimo. Anatulutsa kamtengo kawo. Kutsogolo ulusi unakokedwa n'kumamatira pabokosi. Anagwedeza mutu kuti zili bwino, mpweya ukulowa. Anapita kumbuyo. Ulusi unakokedwanso n'kumamatira. Anauchotsa, anayesanso, unamamatiranso. Anauika pamwamba pa timabowo, ndipo unaimirira n'kumavina. Nambala pasikirini inali 88, kenako 93, kenako 97, fani ya mkati ikukuwa, ndipo zonse zinathima.

"Mwaona? Yafa," anatero a Yamikani.

"Siinafe. Yakomoka dala kuti isapse. Ili ndi nzeru kuposa eni ake."

Anazula waya wa magetsi, n'kutsegula. Pamwamba pa purosesa pamakhala chitsulo cha mano ngati chipeso, chimene chimayamwa kutentha kuti fani ikuuluze. Mano onsewo anali atatsekeka ndi fumbi lolukana ngati bulangeti. Anaikamo zala ziwiri n'kukoka. Fumbi lina linali lotuwa, la matelala. Koma pamwamba pake panali ubweya wa pinki.

Anauyang'ana. Anakweza maso n'kuyang'ana paphewa panga, pamene panatulukira mkono wa Tadala. Ndinapemphera kuti auike m'thumba. Iwo anatenga pepala loyera pakauntala, anauyala bwinobwino pakati pake, n'kupitiriza ntchito.

Madamu anali pafoni, akulonjeza mwini makadi kuti zonse zili m'malo. A Chimbalanga anakodola a Yamikani.

"Achimwene, fani ya kumbuyoyi anamanga ndani?"

"Ndine. Ndi yatsopano, yabwino kuposa yakale."

"Yabwino ndithu. Kamuvi aka kali m'mbali mwakemu kakuloza kuti?"

A Yamikani anawerama. "Fani ndi fani, madala. Bola ikuzungulira."

"Kakuloza mkati. Kutsogolo mpweya ukulowa, kumbuyo ukulowanso. Alendo akubwera makomo onse awiri, wotsanzika palibe. Ndiye wotenthawo atulukira kuti?"

Pamenepo ndinaganiza kuti ndapulumuka. Koma Madamu anadula foni, maso awo n'kugwera papepala lija.

"Ichi n'chiyani?"

A Chimbalanga anatsokomola. "Funsani mwini wake. Ali pompano, ndipo pakamwa ali napo."

Sindibisa, nthawi imeneyo ndinadana nawo. Akanatha kunena kuti ndi za matelala, palibe akanatsutsa. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana tsache, kenako mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana. Ndinanena zonse, sokosi, malaya, juzi, masabata atatu.

"Ndimadziwa ine!" anakuwa a Yamikani, nkhope itabwerera mwakale. "Kuyanika matewera pa kompyuta! Eish, anthu akumudzi."

Madamu sanakuwe. Anangoti, "Kalongedze."

Ndinatembenuka kuti ndizipita kuseri.

"Mayi a Tadala, imani pomwepo," anatero a Chimbalanga. "Madamu, mlandu sunathe. Olakwa tawapeza awiri, koma sitinadziwe wakupha ndani. Mundipatse ola limodzi."

"Ola ndilibe! Munthu akubwera folo koloko."

"Ndiye muitane a dipuloma akukonzereni." Anayamba kubweza sikuludiraiva m'thumba.

Madamu anatsonya, anayang'ana mlamu wawo, anayang'ana wotchi. Inali itangodutsa hafu pasiti thu. "Chitani msanga."

Sanachite msanga. Anamasula chipeso chija, anachitengera pakhomo n'kuchipukuta ndi burashi mpaka kuwala kunayamba kuoneka pakati pa mano. Popemerera fani ya purosesa anaigwira ndi chala kuti isazungulire. Pakati pa chipeso ndi purosesa pamakhala mafuta otuwa othandiza kutentha kuwoloka, ndipo awa anali atauma n'kung'aluka ngati matope a m'chilimwe. Anawapukuta ndi sipiriti, anadontheza atsopano ochepa ngati njere ya mpunga, n'kumanga masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono. Mawaya amene ankalendewera panjira ya mpweya anawamangira kumbali. Koma fani ya a Yamikani anaisiya chomwecho, chagada.

"Simukuitembenuza?" anafunsa Madamu.

"Mboni zimalowa imodziimodzi."

Anatseka bokosi, anayatsa, n'kuuza Madamu kuti atsegule makadi aja. Tonse tinaunjikana pasikirini. Nambala inakwera mpaka 84, n'kuima pamenepo, fani ikulirabe. Anailemba papepala.

"Tsopano juzi."

Ndinawayang'ana osamvetsa.

"Muvuleni mwanayo juzi, mayi. Muiike mmene munkaikira."

Anavula jekete lawo n'kundipatsa kuti ndimufunditse Tadala. Linkanunkha sipiriti ndi mankhwala a chifuwa. Ndinayala juzi pamwamba pa timabowo, mkono wake umodzi ukulendewera kumbuyo monga kale. Nambala inanyamuka. 88. 91. 95. Nambala iliyonse inali ngati munthu akunditulutsira katundu panja. A Yamikani anapinda manja akumwetulira. Itafika 96 a Chimbalanga anachotsa juzi, n'kulemba.

"Basi, taona," anatero Madamu.

"Simunaone."

Anazimitsa, anamasula masikuluwu anayi, anatembenuza fani ija kuti kamuvi kaloze kunja, anamanga, anatseka. Nthawi inali itadutsa fili koloko. Atayatsa anandipatsa ine kamtengo kaja.

"Gwirani kumbuyoko. Munene zimene mukuona, mokweza."

Ulusi unauluka kuthawa bokosi, n'kuwongoka ngati mchira. "Ukutuluka," ndinatero.

"Sindinamve. Makutu anga anatsala kumgodi."

"Mpweya ukutuluka!"

Nambala inafika 63 n'kukhazikika. Phokoso lija linatha, moti tinayamba kumva makina a matelala kuseri kwa khoma. Kenako anatenga juzi ndi manja awo, n'kuiyala okha pamwamba. Tinadikira. 65. 67. 68. Tinadikira mphindi zisanu zathunthu, Madamu akugogoda kauntala ndi chikhadabo. Inakhala pa 68.

A Chimbalanga anaika dzanja langa pamwamba pa bokosi. Panali pofunda pang'ono chabe.

"Mwasesa pansi apa chaka chathunthu, mayi. Pamwambapa panayamba liti kutentha?"

Ndinali ndisanaganizepo. "Kale sipankatentha," ndinatero. "Ndinayamba kumva kutentha sabata imene a Yamikani anabwera Loweruka."

"Ndi zimenezo. Khomo lakumbuyo litasanduka lolowera, mpweya wotentha unasowa kopita, n'kumathawira padenga. Mayiwa anapeza denga likutentha, n'kulitseka. Kulakwa analakwa. Koma pakanapanda fani yachagada, sakanapeza n'chitofu chomwe choti ayanikepo." Anasunthira pepala la manambala kwa Madamu. "Werengani nokha, inu munapita kusukulu. Ngati mukuthamangitsa munthu, muyambe ndi wa dipuloma. Wa tsache abwere pambuyo."

A Yamikani anati ali ndi miting'i, anatola makiyi awo. Madamu anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Ine ndinaima ndi mwana m'jekete la eni, osadziwa ngati ndipite kuseri kapena ndikhale. Makina osindikizira anayamba kulavula makadi.

"Ukuyang'ana chiyani?" anatero Madamu osandiyang'ana. "Makadi awa adzidula okha?"

Mawu oti khala sanawanene, mpaka lero. Ndinadula makadi, ndipo mwini wake anawapeza ali m'katoni.

Ndinkayesa kuti a Chimbalanga andisekerera ndikamabweza jekete. Anandikalipira kuposa Madamu. Anati chovala chonyowa pamwamba pa magetsi ndi imfa, dontho limodzi likanalowa pabowo bwenzi tikunena zina, ndipo mwanayo akanatsala ndi yani. Anatinso munthu ukamazizidwa umanena, sumaba kutentha mobisa ngati mphaka. Ndinalira. Sanandipepese. Nditawafunsa, patapita miyezi, chifukwa chimene sanabisire ubweya uja, anati akanabisa ndikanakhala m'nyumbamo ngati mbava masiku onse, ndikudzidzimuka Madamu akatsokomola.

Lolemba lake a Chimbalanga anabwera ndi sowo. Anatulutsa bokosi m'manda muja, analiika pashelefu, mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera kukhoma, n'kuboola thabwa la kuseri kuti mpweya wotuluka uzilowera mbali ya kachipinda kanga. Kumeneko anakhoma misomali iwiri n'kumanga waya, kutalika kwa mkono wathunthu kuchokera pabokosi. Madamu atafunsa kuti n'chiyani, anati mpweya ukatuluka m'bokosi wamaliza ntchito ya Madamu, kumene ukupita si nkhani yawo. Zovala sizinkauma msanga ngati kale, koma zinkauma.

Chifuwa chawo chinali cha kumgodi, fumbi la miyala la zaka zambiri. Chaka chotsatira anayamba kupumira pakati pa masitepe atatu okha. Ndinkawapititsira tiyi, iwo n'kumaseka kuti chipeso chawo chatsekeka ndipo palibe burashi yofikako. Ngakhale pamenepo anakangana ndi a Yamikani kawiri, koma ndinaonapo a Yamikani tsiku lina ataima patebulo paja, tayi ali nayo, akufunsa motsitsa mawu za kompyuta ya kuofesi kwawo. A Chimbalanga anapita kuchipatala Lachiwiri lina, atasiya kompyuta ya munthu ili yotsegula patebulo, masikuluwu ali m'chivindikiro cha botolo. Sanabwerere.

Pansi pa masitepe tsopano palibe tebulo. Analitenga ndi wosoka nsapato. Pasimenti panatsala mabanga anayi oyera pamene panali miyendo yake, ndipo pakona matelala aunjikapo matumba a zidutswa za nsalu. Sabata yoyamba iwo kulibe, wina anachotsa njerwa ija n'kutseka zenera. Ndinapita kwa telala wamkulu, pamaso pa anzake onse, ndinamuuza kuti aibweze. Anadabwa kumva mawu anga mpaka anaibweza pomwepo.

Kamtengo ka machesi ndinakapeza pansi posesa, ndipo ndinakalowetsa mumng'alu wa khoma pafupi ndi zeneralo, pamwamba poti Tadala sangafikepo. Ulusi wayamba kuchita mbuu ndi fumbi. Chitseko cha kumsewu chikakhala chotseka umangolendewera. Munthu akalowa, umadzuka n'kuloza kuzenera.